Kalata Imene Sinafike

Mtembo unagona chafufumimba pakati pa tebulo ndi mipando isanu ndi itatu yoikidwa mozungulira. Inali 10:40 m'mawa wa Lolemba, m'kaofesi ka pansanjika yachiwiri, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Mayiyo anali wa zaka za m'ma 40. Bala linali kunkhongo, ndipo chimene anamumenya nacho sichinafune kusaka, chinali pambali pake pompo: mphoto yagalasi yolemera ngati njerwa, yolembedwa kuti kampani ina yake ikumuthokoza pogwira ntchito mokhulupirika zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mkulu wofufuza milandu anaima pakhomo, manja m'matumba. Apolisi anzake ankamutcha Sathamanga, dzina limene linayamba ngati chipongwe n'kukhazikika, chifukwa pa zaka makumi awiri ndi zinayi palibe anamuonapo akufulumira, ngakhale pothawa mvula. Dokotala anadzuka pamene ananjuta, nati imfa yachitika cha m'ma 8 koloko. Sajeni, mayi wamtali wosakonda kuseka amene ankagwira ntchito ndi Sathamanga, anabweretsa mayi wokolopa amene anapeza mtembowo.

"Awa ndi ndani, mayi?" anafunsa Sathamanga.

"Ndi Amlangizi, bwana. Kale anali abwana aakulu kukampani, aja olemba ndi kuchotsa anthu ntchito. Anasiya okha, galimoto ya kampani n'kubweza, n'kubwera kudzatsegula kuno."

"Amalangiza za chiyani? Za mabanja?"

"Za moyo, bwana."

"Moyo wake uti?"

"Kaya. Anthu amabwera Loweruka, amakhala pamipandoyi, amalira, amaomba m'manja, n'kumapita. Ine ndimangokolopa."

Pakhoma panali pepala la mayina asanu ndi atatu, ndipo pansi pa mayinawo panali deti la tsiku lomwelo lolembedwa ndi inki yofiira. Pashelefu panali bokosi lathabwa lokhala ndi kabowo koponyera mapepala. Loko wake anali wotsegula, makiyi akulendewera, m'katimo mulibe kanthu. Foni ndi chikwama cha malemuyo zinali patebulo, palibe anazikhudza.

"Pali amene anakangana nawo?"

Mayi wokolopa anayang'ana pansi. "Amuna awo, bwana. Lachisanu. Mpaka a m'sitolo ya nsapato anamva. Ankati, 'Ntchito yakoyi idzakuphetsa, uona.'"

Apa m'pamene Sathamanga anachita chinthu chimene sanachitepo: anathamanga. Pofika 4 koloko madzulo anali pakhomo pa mwamuna wa malemuyo, mphunzitsi wa masamu kusekondale. Bamboyo analibe mboni ya kumene anali pakati pa hafu pasiti seveni ndi 9 koloko. Anati ankalemba mamakisi yekha m'kalasi. Sathamanga anamuveka unyolo pakhonde, achibale a mkazi wake akuyang'ana, mwana wake wamkazi wa zaka khumi ataima pakhomo ndi yunifolomu ya sukulu. Mwanayo sanalire. Anangofunsa azakhali ake kuti, "Adadi achita chiyani?" ndipo azakhaliwo anamuyankha mokweza, anthu onse akumva.

Lachiwiri lonse mphunzitsiyo anayankha mafunso ndi mawu amodzimodzi. Inde, anakangana. Inde, sanagwirizane nazo zosiya ntchito, munthu kutaya bomwetamweta chifukwa cha maloto. Ayi, sanamuphe. Abwana a pasiteshoni anawerenga fayilo ali chiimire, nati, "Lachisanu 9 koloko akaonekere kukhoti. Mlandu wosavuta uwu, usauphike ngati mwala." Abwanawo ndi Sathamanga ankadziwa kuti woganiziridwa kupha akachoka kukhoti amapita kundende kukadikira, ndipo kudikirako kumatha zaka. Maliro anali Lachisanu lomwelo masana. Mwana uja anali atatengedwa kale ndi akuchikazi.

Sathamanga sanasangalale nazo. Anali atafunsapo ambiri amene anapha akazi awo, ndipo onse ankayamba ndi kufotokoza zolakwa za malemu. Uyu ankangofunsa ngati mwana wake wadya. Mtima unayamba kumuuza kuti walakwa, koma mtima sapita nawo kukhoti. Anatuma Sajeni kukampani yakale ya Mlangizi, kumene anamva za dalaivala wina amene mayiyo anamuchotsa ntchito zaka zitatu zapitazo, ndipo analumbira pageti kuti adzamuonetsa zakuda. Anamusaka tsiku lonse. Anamupeza m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha kuyambira mwezi watha.

Lachitatu 11:15 m'mawa kusiteshoni kunabwera mayi wina wa yunifolomu ya kubanki, maso atatupa. Dzina lake linali lachitatu papepala lija la pakhoma.

"Ntchito yandithera, bwana," anatero asanakhale pansi. "Kalata yanga yafika. Abwana andiwerengera pamaso pa anzanga, ati ndilongedze."

"Kalata yanji?"

Mayiyo anapukuta misozi, nafotokoza. Mlangizi ankatenga anthu asanu ndi atatu pagulu lililonse, onse otopa ndi ntchito zawo koma oopa kusiya. Tsiku loyamba ankawauza mbiri yake, m'mene anachotsera anthu mazana ntchito mpaka tsiku limene anadzilembera yekha kalata. Kenako aliyense ankalemba kalata yosiya ntchito.

"Osati yaulemu ija ayi, bwana. Zonse zimene zili kukhosi kwanu. Mumamata nokha, keyala ya abwana anu mumalemba nokha, sitampa mumaika nokha, n'kuponya m'bokosi. Ndiye mumasaina pepala loti ngakhale mudzagwade, ngakhale mudzalire, asadzakubwezereni. Masiku 90 akakwana, amatumiza."

"Ndiye inu munkafunadi kusiya?"

"Loweruka lililonse ndinkafuna, bwana. Lolemba lililonse sindinkafuna."

Anatulutsa envulopu imene abwana ake anamuponyera. Chidindo cha kupositi chinali cha Lolemba. Bokosi la positi linali kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi sitolo ya nsapato, ndipo ankalitsegula 12 koloko. Abwana a pasiteshoni atamva anangoti, "Ndiye vuto lili pati? Mayiyo anaponya makalata m'mawa, n'kukwera kukakumana ndi mwamuna wake." Zinali zomveka, ndipo zinafotokoza bwino chifukwa chake bokosi lathabwa lija linali lopanda kanthu.

Komabe 2 koloko masana Sathamanga anatsika kuchitokosi. Mphunzitsi anali atakhala pasimenti, atagwira thalauza ndi dzanja limodzi chifukwa lamba anamulanda.

"Bambo, mwadziwa kuti makalata amene akazi anu anatumiza Lolemba ayamba kufika?"

Mphunzitsi anadzutsa mutu. "Makalata ati?"

"A m'bokosi. A anthu asanu ndi atatu aja."

"Amene akuuzani zimenezo akunama. Mkazi wanga sanatumizepo kalata ngakhale imodzi."

Sathamanga anakhala pansi pomwepo, pasimenti, osasamala za yunifolomu yake. "Fotokozani."

"Linali bodza la ntchito, bwana. Ankati munthu sadziwa chimene akufuna mpaka ataona kuti chachitika kale. Tsiku lija likakwana ankawasiya achite mantha tsiku lonse. Ikati 5 koloko madzulo ankaimbira mmodzimmodzi. Ankati, 'Sindinatumize. Koma lero mwamva chiyani, chisoni kapena mpumulo? Yankho lanu ndi limenelo.' Kenako ankawalumbiritsa kuti asadzauze munthu, poti gulu lotsatira likadziwa, basi, njira yafa."

"Ndipo mkangano wa Lachisanu?"

"Womwewo. Ndinamuuza kuti anthu sumasewera nawo pamene amadyera. Iye ankati ndine wamantha ngati iwowo. Ankawafunira zabwino, bwana. Kungoti iye atasiya ntchito panali ine wogula chakudya. Ankaiwala kuti ena alibe ine."

"Bwanji simunanene zimenezi dzulo?"

"Munandifunsa za makalata? Munkangondifunsa kuti ndinamumenya kangati." Anayang'ana kukhoma. "Pitani kunyumba. Pamwamba pa wodilopu pali sutikesi yabulauni."

Kutsutsa galu n'kukumba. Pofika 3:30 sutikesi inali patebulo la Sathamanga. M'katimo munali mitolo isanu yomanga ndi mphira, mtolo uliwonse maenvulopu asanu ndi atatu, onse omata, masitampa opanda chidindo. Sajeni anaimbira atatu mwa ophunzira akale. Onse anayamba ndi kukana, kenako atamva kuti Mlangizi wamwalira anavomera kuti foni ya 5 koloko ija inaliko.

"Ndiye waponya makalatawo ndani?" anafunsa Sajeni.

"Munthu amene ankakhulupirira kuti amatumizidwa," anatero Sathamanga. "Mwamuna wake ankadziwa zoona. Ophunzira akale ankadziwa. Amene sankadziwa ndi asanu ndi atatu okha. Wina wa iwo anatenga mtolo wonse, n'kuganiza kuti makalata akapanda kufika tifunsa kumene apita. Ndiye anamugwirira malemu ntchito imene malemuyo sanagwirepo."

"Ndi yake yomwe?"

"Ukadakhala iwe, Sajeni, ukadaponya yako?"

Lachinayi anayenda pamndandanda wonse. Linali tsiku loipa. Namwino wa chipatala china chaching'ono anali atachotsedwa. Wogulitsa mainjini anali ataimitsidwa kudikira msonkhano wa mabwana. Mlembi wa loya anawatsegulira chitseko atavala zogonera, mwamuna wake akutukwana kuchipinda. Makalata asanu ndi awiri anali atafika, ndipo pa asanu ndi awiriwo panalibe amene anamva mpumulo.

Wachisanu ndi chitatu anali kalaliki wa kumalo osungira katundu a kampani ina ya zitsulo. Sajeni atamuimbira foni anayankha mwaulemu kuti inde, kalata yake inafika kulikulu, koma abwana aakulu ndi munthu wachifundo, anangoseka n'kumukhululukira. Sajeni anafuna kulemba kuti zatheka. Sathamanga anati kandimverere anakanena za m'maluwa, natenga makiyi a galimoto.

Abwana aakuluwo anawalandira 3:10 masana. Anadabwa ndi funso.

"Kalata yanji? Ameneyo kusiya ntchito? Zaka makumi awiri ndi ziwiri sanandiyang'anepo m'maso. Ndipo angasiye bwanji pano? Akazi ake impso zafa, azindikira mwezi watha. Amapita kumakina osefa magazi kawiri pa mlungu, ndipo ikulipira ndi inshulansi ya kampani. Akangochoka, makinawo atha."

"Lolemba anabwera kuntchito?"

Abwanawo anaimba foni kumalo osungira katundu, namvetsera, naika foni pansi pang'onopang'ono. "Anafika hafu pasiti naini. Akuti aka kanali koyamba kuchedwa."

Apolisi anamutenga kalaliki uja Lachisanu 6:30 m'mawa pamalo okwerera basi, atavala tayi, chikwama chakale m'manja. Sanafunse kuti walakwa chiyani. Pofika 7:15 anali m'chipinda chofunsira mafunso, bambo woonda wa imvi m'mbalimbali, atakhala kunsonga kwa mpando ngati wabwera kudzapempha tchuthi.

"Bambo," anayamba Sathamanga, "kalata yanu sinafike kulikulu."

"Mwina yachedwa kupositi, bwana."

"Dzulo munati inafika ndipo abwana anaseka."

Sathamanga anapitiriza.

"Makalata asanu ndi atatu anali m'bokosi limodzi. Asanu ndi awiri afika. Lolemba munachedwa kuntchito ndi ola ndi theka. Mphoto yagalasi ija yasunga zidindo za zala za munthu, ndipo zanu titenga pasanathe mphindi khumi. Kumusi kuno kuli bambo amene 9 koloko akupita kukhoti pa mlandu wopha mkazi wake. Mwana wake anauzidwa kuti adadi ake ndi chigawenga. Ine ndi amene ndinamumanga, ndipo zikundipweteka. Inu sizikukupwetekani?"

Kalaliki anayang'ana wotchi ya pakhoma. Kenako analowetsa dzanja m'thumba la m'kati mwa jekete, natulutsa envulopu yopindika, yomata, naiika patebulo, naiwongola ndi chikhatho.

"Ndinalephera kuiotcha, bwana."

"Munalembamo chiyani?"

"Zonse. Tsiku limene ananditcha chitsiru pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa ntchito. Maliro a mayi anga amene anandikaniza kupita. Ndinawatchula mayina amene sindingawabwereze pano. Tsiku limenelo ndinagona bwino koyamba, bwana, sindinama. Amlangizi anandigwira dzanja, anati ndine mwamuna. Ndinkafuna kukatsegula kamalo kokonzera mipando. Ndimadziwa kupala matabwa."

"Kenako akazi anu anadwala."

"Kenako anadwala. Ndinapita kwa Amlangizi katatu. Koyamba anati, 'Amene akulankhulayu si inu, ndi mantha.' Kachiwiri ananditulutsira pepala lija ndinasaina. Kachitatu ndinatenga mapepala a kuchipatala, ndinagwada, bwana, pakati pa mipando paja. Anandidzutsa, anandipatsa madzi, anati, 'Ndikhulupirireni mpaka Lolemba, zonse zikhala bwino.' Zikhala bwino bwanji? Iwo anasiya ntchito ali ndi amuna awo ogwira ntchito. Ine wondigwira ndani?"

"Lolemba."

"Ndinafika kota tu eyiti. Ndinati ndipemphe komaliza. Makiyi anali patebulo, ndinangowatola n'kutsegula bokosi. Anandigwira dzanja, anandilanda mtolo, anatembenuka kuti auike m'chikwama. Ankati, 'Lero lokha, bambo, pirirani lero lokha.' Ine ndinamva kuti lero lomweli akuponya. Chigalasi chija chinali pashelefu." Anayang'ana dzanja lake lamanja. "Kamodzi kokha, bwana. Sindinadziwe kuti mutu wa munthu ndi wosalimba choncho."

"Ndipo makalata a anzanu?"

"Ndinaganiza kuti akasowa mudzafufuza. Ndinati akafika, aliyense aziti Amlangizi anaponya okha. Komanso anzangawo ankafuna, bwana. Loweruka lililonse ankaomba m'manja, ankati sakubwerera m'mbuyo. Wamantha ndinali ine ndekha. Sindinafune kuwawonongera."

Sajeni anasiya kulemba. Sathamanga anakhumba pakanakhala wina woti anene zotsatirazo, koma panalibe. Anawerama, nanyamula sutikesi yabulauni, naitsegula patebulo.

Kalaliki anayang'ana mitoloyo. Anatola umodzi, nayang'ana masitampa, nayang'ana kumbuyo kwa envulopu, natolanso wina. Munthu amene wagwira ntchito ya mapepala zaka makumi awiri ndi ziwiri sanafune kuuzidwa tanthauzo la sitampa yopanda chidindo.

"Awa ndi a magulu asanu a m'mbuyomu," anatero Sathamanga. "Sanatumizepo ngakhale imodzi. Ankawasiya anthu adikire tsiku lonse, ikati 5 koloko madzulo n'kuwaimbira kuti kalata zawo zili bwinobwino. Nanunso akanakuimbirani."

"5 koloko," anatero kalaliki.

"5 koloko."

"Lolemba lomwelo."

"Lomwelo."

Kalaliki anawerenga ndi zala pansi pa tebulo, milomo ikugwedezeka. "Maola asanu ndi anayi," anatero. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono, "Nanga anzanga aja?"

"Anayi achotsedwa kale. Enawo akudikira."

Sanakuwe. Anangoika mtolo uja m'sutikesi mosamala, pamalo pamene anautenga, kenako anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, n'kuyamba kulira. Sathamanga anali ataonapo anthu ambiri akulira m'chipinda chimenecho, ndipo ambiri sankamumvetsa chisoni. Uyu anamumvetsa chisoni, ngakhale kuti anasiya mayi chafufumimba n'kukaponya makalata ngati munthu wotumidwa.

"Bwana," anatero kalaliki atapeza mpweya, "lero ndi tsiku la makina. 11 koloko. Amayenda movutika, ndimawaperekeza ndine. Sakudziwa kanthu."

"Sajeni akawaperekeza lero."

"Nanga Lachiwiri?"

Sathamanga anasunthira pepala ndi cholembera kutsogolo kwake, ndipo kalaliki anasaina mwaudongo, n'kulemba deti pansi pake asanauzidwe.

Inali 8:25. Sathamanga anatenga yekha makiyi a chitokosi. Mphunzitsi anamvetsera zonse ataima, osamudula mawu. Kutebulo la pakhomo anamubwezera lamba, wotchi ndi zingwe za nsapato, ndipo anakhala pabenchi n'kuyamba kumanga nsapatozo.

"Ndinalakwa, bambo," anatero Sathamanga. "Pepani. Galimoto ikutulani kumaliro, mufika mwambo usanayambe."

"Galimoto yokha?"

"Ndi dalaivala."

Mphunzitsi anaimirira. "Ayi, bwana. Kumeneko kuli anthu mazana amene akudziwa kuti ndinapha mkazi wanga, ndipo pakati pawo pali mwana wanga. Ndikafika ndekha aziti ndagula apolisi. Munanditenga iye akuona. Tiyeni mukamuuze nokha, ndi pakamwa panu, azakhali ake akumva."

Abwana a pasiteshoni ankamudikira Sathamanga kuofesi ndi fayilo yatsopano. Sathamanga anauza wapakhomo kuti awauze kuti abwera masana, natsegulira mphunzitsi chitseko cha kutsogolo kwa galimoto.